Tebulo limene linakana kuuma

Patatha masiku 9 chipakireni vanishi, tebulo lija linali likumatabe. Ndikaligusa ndi chala, pankatsala chidindo ngati ndagwira phula lofunda. Fumbi linali litakakamira pamwamba ponse, ndipo pakona ina panali kanjenjete kamene kanatera usiku n'kulephera kuulukanso. Mtundu nawo unali wamawangamawanga: apa pakuda bii, apo potuwa, ndipo m'mbali mwa miyendo munali timadontho toyera timene stain, mankhwala opatsa thabwa mtundu, anakaniratu kulowamo.

Zinandiwawa mumtima chifukwa silinali tebulo wamba. Malemu bambo anga ndi amene analikhoma ndi manja awo, ndi matabwa a paini, ine ndisanayambe n'komwe sukulu. Litakalamba n'kuyamba kutuwa, ndinkafuna kulibwezera ulemu wake. Ndinamata ndi guluu miyendo iwiri imene inkagwedera, ndinagula stain wakuda, chitini cha vanishi ndi bulashi, ndipo zotsalazo ndinazimaliza Loweruka limodzi: m'mawa kukwecha pang'ono, masana kupaka stain, madzulo vanishi wokhuthala bwino kuti liwale. M'mutu mwanga ndinkati mankhwala akachuluka ndiye kuti ntchito yalimba.

Pa tsiku la 10 ndinakaitana mkulu wina, kalipentala amene ankagwira ntchito limodzi ndi bambo kalelo. Atafika sanafulumire kulankhula. Anayendetsa chikhatho m'mphepete mwa tebulo, anawerama n'kuliyang'ana chammbali molunjika kumene kunkachokera kuwala, kenako ananunkhiza chala chawo.

"Mwana wanga, stain uja unamupukuta?"

"Ayi bambo, ndinamusiya kuti aume yekha."

"Nanga guluu amene anatuluka m'miyendomu unamuchotsa?"

Ndinangoti kukamwa yasa.

"Vanishi sabisa kanthu," anatero. "Chilichonse chimene wachita pathabwa usanatsegule chitini, iye amachionetsa poyera n'kuchitsekera momwemo. Tiyambirenso."

Kuyambiranso kumeneko kunatenga milungu 6, ndipo zambiri zimene ndikudziwa lero ndinaziphunzira m'milungu imeneyo, zina pakamwa pawo, zina powerenga ndi kuyesa pazidutswa za matabwa m'zaka zotsatira.

Choyamba anandifotokozera chifukwa chake tebulo linkamata. Vanishi wamafuta sauma ngati chovala chimene wachiyanika padzuwa. Mankhwala omusungunula amauluka inde, koma chimene chimamulimbitsa kwenikweni ndi mpweya wa okosijeni umene umagwirizana ndi mafutawo mpaka asanduke kachikopa kolimba. Ukapaka mokhuthala, pamwamba pamachita kakhungu, kakhunguko n'kutsekera mpweya, ndipo zam'kati zimakhala zofewa kwa milungu. Ine ndinawonjezeranso vuto lina: pansi pa vanishiyo panali stain wamafuta wosapukuta, wosauma, atakhala pamwamba pa zotsalira za polishi wakale. Zinthu zitatu zonyowa zitasanjikizana, palibe chimene chikanagwira chinzake.

Tinachotsa zonse ndi mankhwala ochotsera penti ndi kachitsulo kopalira, mpaka thabwa linaoneka mbee. Apa ndi pamene ndinaphunzira kamayeso kamene kamandithandiza nthawi zonse ndikapatsidwa mpando wakale. Pamalo obisika umadonthezapo sipiliti. Chopakidwa chakalecho chikafewa n'kuyamba kumata, ndiye kuti ndi shellac, chopaka chochokera ku utomoni wa tizilombo. Chikapanda kusuntha, umayesa thinner, mankhwala osungunulira lacquer, chopaka china chouma msanga; chikasungunuka ndi ameneyo, ndi lacquer. Chikakana zonse ziwiri, kawirikawiri amakhala vanishi. Kudziwa zimenezi kumapulumutsa ntchito yambiri, chifukwa shellac ndi lacquer amatha kukonzedwa pongowasungunulanso osachita kupala thabwa lonse.

Tsopano kukwecha. Pamenepa ndikhalitsapo, chifukwa ntchito yonse imagona apa, ndipo ndi pamene ambiri timathamanga.

Nambala imene imalembedwa kumbuyo kwa sandipepa imanena kukula kwa timchenga take. Nambala yaing'ono ndi wokhakhala, yaikulu ndi wosalala. Wa 80 amadya thabwa msanga ndipo amasiya mikwingwirima yakuya, choncho ndi wa thabwa lokhakhala kapena losalingana basi. Thabwa lopalidwa bwino umaliyamba ndi 120, kenako 150, kenako 180, ndipo ukafuna umamaliza ndi 220. Sandipepa aliyense ntchito yake ndi kufufuta mikwingwirima imene mnzake wam'mbuyo wasiya. Ukadumpha kuchoka pa 80 kufika pa 220, dzanja limakunamiza kuti pasalala, koma mikwingwirima ya 80 ija imakhala ilipobe, ikungodikira stain kuti ayidetse.

Mkulu uja anandipatsa pensulo n'kundiuza kuti ndikhwatchekhwatche mopepuka pamwamba ponse pa tebulo. Mizere ya pensulo ikatha yonse, ndiye kuti sandipepa wafika paliponse, ndipo ndi nthawi yosintha nambala. Anandiuzanso kuti ndizikulunga sandipepa pakathabwa kosalala m'malo momugwira ndi zala, chifukwa zala zimakumba timaenje timene sitioneka mpaka vanishi atawala. Ndipo lamulo limene anabwereza mpaka linakhazikika m'manja mwanga ndi lakuti dzanja lizitsata mizere ya thabwa, osaidula. Mkwingwirima wotsata mizere umabisala pakati pa mizereyo. Wopingasa umaonekera patali.

Pali chinthu chimene poyamba sindinkachimvetsa: kusalaza mopitirira kumawononganso. Ukafika pa 400 usanapake stain, thabwa limakhala ngati lapukutidwa kale, timabowo take n'kutsekeka, ndipo mtundu umalowa pang'ono chabe. Koma nzeru yomweyi imagwira ntchito kumutu kwa thabwa, kumene sowo inadula. Thabwa lili ngati mtolo wa timapaipi timene tinkakweza madzi mtengo uli moyo, ndipo kumutuko ndi kumene timapaipito tayasama. N'chifukwa chake kumamwa stain wambiri n'kuda kuposa pamwamba. Ukakwecha kumeneko ndi nambala yokwererapo kuposa pena ponse, mtundu umayandikirana.

M'mphepete mwakuthwa namo mumafunika kudutsamo sandipepa kawiri kapena katatu kuti mufe pang'ono. Vanishi akamauma amathawa pakona yakuthwa n'kusiyapo kachikopa kopyapyala, ndipo pamenepo ndi pamene amayambira kusupuka. Ndichenjezenso za mipando imene pamwamba pake anangomatapo kathabwa kopyapyala kokongola, kaja amati veneer. Kambiri sikafika ngakhale milimita imodzi. Ukakakamira ndi sandipepa wokhakhala umakaboola, ndipo palibe stain amene angabise bala limenelo.

Patebulo lathu panali malo ambiri ophwanyika chifukwa chogundidwa. Mkulu uja anatenga kansalu konyowa, anakaika pamalo ophwanyikawo, n'kudinda ndi simbi yotentha kwa kamphindi. Nthunzi inalowa m'thabwa, ulusi wake umene unapanikizika unatupanso, ndipo dzenje linatha ngati silinakhalepo. Zimatheka pokhapokha ngati ulusiwo unangofinyika, osati kuduka. Tinakonza malo 7 mwa njira imeneyi. Koma titafika pakona ina pamene panali timabowo ting'onoting'ono tambiri, ndinawagwira mkono. Timabowoto ndinatiboola ndine ndi kampasi ya masamu ndili mwana, bambo atakhala pambali panga akundithandiza ntchito ya kusukulu. Ndinapempha kuti titisiye. Anandiyang'ana, anagwedeza mutu, ndipo tinapitirira. Mpaka lero ndimakhulupirira kuti mpando wakale suyenera kufufutidwa mbiri yake yonse, ndipo mmisiri wabwino amayamba wafunsa mwiniwake kuti zipsera ziti zichoke, ziti zitsale.

Fumbi la matabwa musalitenge mopepuka. Mu 1995 bungwe la IARC, nthambi ya WHO yofufuza za khansa, linaika fumbi limeneli m'gulu la zinthu zodziwika kuti zimayambitsa khansa mwa anthu, makamaka ya m'mphuno. Masiki ndi yofunika ngakhale pa ntchito ya ola limodzi. Ndipo ngati mpando uli ndi penti wakale kwambiri, mungakhale mtovu, umene umawononga ubongo wa ana ngakhale utakhala wochepa. Penti wotere sakwechedwa wouma m'nyumba momwe muli ana.

Kukwecha kukatha, fumbi lonse lichoke, kenako upukute thabwa ndi kansalu konyowetsedwa ndi turpentine kapena white spirit, mankhwala osungunulira penti. Kwa mphindi zochepa thabwalo limaoneka mmene lidzaonekere likapakidwa vanishi, ndipo chilichonse chobisika chimatulukira. Timadontho toyera tija tinaonekera pomwepo. Anali guluu amene ndinamupukuta ndi chala n'kumupaka m'thabwa osadziwa. Guluu amatseka timabowo, stain n'kusowa polowera. Njira yabwino ndi kumusiya guluu wotulukayo alimbe pang'ono ngati labala, kenako n'kumudula ndi chezulo. Ngati mukufuna kupaka mankhwala osungunulidwa ndi madzi, palinso kanthu kena: madzi amadzutsa tiubweya ta thabwa n'kulichititsa kukhakhala. Ndi bwino kulinyowetsa dala ndi kansalu, liume, kenako n'kudutsa mopepuka ndi 220 kuti tiubweyato tichoke ntchito isanayambe.

Tifike pa stain. Funso loyamba ndi lakuti kodi akufunikadi? Stain sateteza thabwa ku madzi kapena kukalika. Ntchito yake ndi mtundu basi. Ine zimandimvetsa chisoni ndikaona mlombwa kapena mbawa atazipaka stain wakuda mpaka mizere yake yonse kuzimirira. Mitengo imeneyi inatenga zaka makumimakumi kuti ipange mtundu umenewo, ndipo mafuta okha kapena vanishi wopanda mtundu ndi wokwanira kuutulutsa. Stain ali ndi malo ake: pofananitsa matabwa osiyana mtundu, pokonza chigamba, kapena popatsa thabwa lotuwa mtundu wofunda.

Alipo wa mitundu iwiri ikuluikulu. Wina ali ndi ufa wa utoto umene susungunuka, umangoyandama n'kukakhala m'timabowo ndi m'mikwingwirima. Ameneyu amadikha pansi pa chitini, choncho amafunika kutakasa musanayambe ndiponso mkati mwa ntchito. Winayo ndi utoto wosungunukiratu umene umalowa m'kati mwa ulusi wa thabwa. Amaonetsa mizere bwino kwambiri, koma amafulumira kusuluka padzuwa.

Paini ndi thabwa lovuta pa stain, ndipo ndi limene ambiri timaphunzirirapo. Ulusi wake suyenda molunjika paliponse. Pafupi ndi mfundo umapotoka n'kuyasama ngati kumutu kwa thabwa, ndipo mbali zofewa zimamwa kwambiri kuposa zolimba. Mawanga aja amachokera pamenepo. Mankhwala ake ndi kulimwetsa thabwalo kanthu kopyapyala kaye kuti malo aludzu akhute pang'ono: shellac wosungunula kwambiri, kapena vanishi wochepa m'mankhwala omusungunula ochuluka, kapena mankhwala ogulitsidwa kale pa ntchito imeneyi. Zikauma, umadutsa sandipepa mopepuka, kenako stain amalowa mofanana. Mtundu umakhala wopepukirapo, koma wosalala. Palinso stain wokhuthala ngati mafuta odzola, wotchedwa gel stain, amene salowa kwambiri ndipo sachita mawanga ambiri.

Tisanakhudze pamwamba pa tebulo, mkulu uja analitembenuza n'kundilozera kunsi kwake. Tinagawa timagawo 4, chilichonse n'kuchiyesa mosiyana, mpaka ndi vanishi yemwe. Anati kuyesa stain yekha n'kosakwanira, chifukwa stain akauma amatuwa, ndipo mtundu wake weniweni umabwera vanishi akagwerapo. Chithunzi cha pachitini sichikuuzani kanthu za thabwa lanu. Safunsa anadya phula, ndipo pa ntchito imeneyi wofunsidwa woyamba ndi kachidutswa ka thabwa lomwelo.

Kapakidwe kake n'kosavuta. Umapaka mowolowa manja ndi kansalu kapena bulashi, mbali imodzi yathunthu osaima pakati, chifukwa pokumana stain wouma ndi wonyowa pamatsala mzere. Umadikira mphindi zimene zalembedwa pachitini, nthawi zambiri pakati pa 5 ndi 15, kenako umapukuta wotsala yense ndi nsalu youma motsata mizere, mpaka nsaluyo izibwera pafupifupi yoyera. Mtundu ndi umene walowa m'thabwa, osati umene wakhala pamwamba. Ukafuna wakuda kwambiri, umabwereza mawa lake. Ndipo usanapake vanishi, stain wamafuta umamupatsa tsiku lathunthu, kukakhala kozizira kapena kwachinyezi masiku awiri.

Chotetezera pamwamba chimasankhidwa malinga ndi moyo umene mpandowo udzakhale. Mafuta a linseed, ochokera ku njere za fulakesi, ndi a tung, ochokera ku mtengo wina wa ku China, amalowa m'thabwa ndipo dzanja likagwira limamvabe thabwa. Amakonzeka mosavuta akakalika, koma sateteza kwambiri ku madzi. Linseed wosaphika amatenga masiku ambiri kuti aume. Amene amalembedwa kuti "boiled" amakhala atathiridwa mankhwala ofulumizitsa. Danish oil ndi msanganizo wa mafuta, vanishi ndi chosungunulira, ndipo kwa woyamba kumene ndi wokhululuka kwambiri: kupaka, kudikira, kupukuta. Phula lokha, kaya la njuchi kaya la carnauba la ku Brazil, limakongoletsa koma chitetezo chake n'chochepa. Lacquer amauma msanga ndipo amakonda makina opopera, choncho ndi wa pamalo a ntchito okonzedwa bwino.

Amene ndimamukonda ine ndi shellac. Amachokera ku tizilombo ting'onoting'ono ta ku India ndi Thailand timene timatulutsa utomoni panthambi za mitengo. Utomoniwo amaukolola, amauyeretsa n'kuuumitsa ngati timapepala, ndipo mmisiri amausungunula mu sipiliti. Amauma m'mphindi zochepa, amagwira pafupifupi pachilichonse, amatsekera utomoni wa m'mfundo za paini kuti usatuluke, ndipo ukapakanso kachiwiri, koti yatsopanoyo imasungunukira mwa yakale n'kukhala chinthu chimodzi. Mipando yambiri yonyezimira ya ku Ulaya ya m'zaka za m'ma 1800 inapukutidwa ndi ameneyu, mwa njira yotchedwa French polish, yopaka timakoti tambirimbiri ndi kampira ka nsalu. Koma amaopa kutentha ndi mowa, ndipo madzi akakhalitsa amasiya bwalo loyera.

N'chifukwa chake patebulo logwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku tinasankha vanishi wa polyurethane, mankhwala amene Otto Bayer ndi anzake anawatulukira ku Germany mu 1937. Wamafuta amapatsa thabwa mtundu wachikasu wofunda ndipo amapitiriza kuchita chikasu ndi zaka. Wamadzi amaoneka ngati mkaka m'chitini koma akauma sakhala ndi mtundu, sanunkha kwambiri, ndipo amauma msanga. Ukasankha wamadzi, usayerekeze kusalaza ndi steel wool, chifukwa tizidutswa take timatsalira n'kuchita dzimbiri m'kati mwa vanishi. Kuipa kwa polyurethane n'kwakuti akawonongeka samatika chigamba mosavuta. Nthawi zambiri umakwecha mbali yonse.

Tsiku lopaka, mkulu uja anandiletsa kusesa. Anati tisese dzulo lake, fumbi likhazikike, ndipo pansi tiwazepo madzi pang'ono. Chitini sitinachikhutchumule, chifukwa thovu limene limalowamo limakathera patebulo. Tinatakasa pang'onopang'ono ndi kamtengo mpaka pansi. Zimenezi n'zofunika kwambiri pa vanishi wosanyezimira, popeza ufa umene umachepetsa kuwala kwake umadikha pansi, ndipo ukapanda kutakasa, koti yoyamba imawala ngati galasi, yomaliza n'kukhala mbuu. Tinathira wochepa m'kachitini kena kuti bulashi isamabweretse fumbi m'chitini chachikulu.

Koti yoyamba tinaisungunula ndi turpentine kuti ilowe m'thabwa. Tinayamba kunsi kwa tebulo, kenako miyendo, pamwamba pomaliza. Ndinafunsa chifukwa chowonongera vanishi kunsi kumene palibe adzaone. Anandiyankha kuti thabwa silisiya kupuma ngakhale patatha zaka 50 chidulireni: kukachita chinyezi limatupa, kukauma limaphwa, ndipo limatero kwambiri m'mimba mwake kuposa m'litali. Ukatseka mbali imodzi yokha, mbali inayo imamwa ndi kutaya chinyezi mofulumira, ndipo thabwa limatha kupindika.

Bulashi umaiviika gawo limodzi mwa magawo atatu a ubweya wake. Umayala vanishi mopyapyala, kenako umaimika bulashi pafupifupi chilili n'kudutsa kamodzi mopepuka kuchoka kumapeto mpaka kumapeto, nsonga zokha zikukhudza. Ukatero uchokepo. Chiyeso chachikulu ndi kubwerera pamalo pamene payamba kale kugwira kuti ukonze kanthu kakang'ono. Umangosiya mikwingwirima ya bulashi imene siifufutikanso yokha. M'miyendo ndi m'mphepete umabwerako patatha mphindi zochepa kudzaona ngati vanishi akuyenderera, n'kumukoka asanaume. Padzuwa lamphamvu sipopakira, chifukwa mpweya wa m'thabwa umatentha n'kutuluka ngati timatuza. Kukakhala mvula kapena chinyezi chambiri, ndi bwino kudikira.

Mawa lake koti yoyamba inali yokhakhala ngati lilime la mphaka, ndipo mtima wanga unagwa. Iwo anangonditambasulira sandipepa wa 320. Anati ndi mmene zimakhalira, ndipo anandiphunzitsa kuona ngati pauma: sandipepa akamatulutsa ufa woyera, pauma, akamatulutsa timinyololo tomata, siya, ubwere mawa. Kudutsa kumeneku kumachotsa tifumbi ndiponso kumapatsa koti yotsatira pogwira. Tinapaka makoti atatu m'miyendo ndi anayi pamwamba, iliyonse ndi tsiku lake. Kuona maso a nkhono n'kudekha, anatero tsiku lachitatu ataona kuti ndikuyang'ana chitini m'mawa kwambiri.

Pali nkhani imodzi imene sindifuna kuti aliyense aidumphe. Madzulo a tsiku limene tinapaka stain ndinaunjika nsanza zonse za stain pakona kuti ndidzataye mawa. Aka kanali koyamba kuwamva akukweza mawu. Mafuta monga linseed akamagwirizana ndi mpweya amatulutsa kutentha. Pathabwa kutenthako kumangouluka, koma m'mulu wa nsanza zofwanyika kumasonkhana mpaka mulu uja kuyaka wokha, popanda machesi. Mu February 1991, nyumba ya nsanjika 38 yotchedwa One Meridian Plaza mumzinda wa Philadelphia ku America inapsa, ndipo ozimitsa moto atatu anafa. Ofufuza anapeza kuti motowo unayambira pa nsanza zonyowa ndi mafuta a linseed zimene anthu okonza matabwa anazisiya. Nsanza zotere umazitambasula imodziimodzi panja mpaka ziume gwa, kapena umazimiza m'madzi m'chitini chachitsulo chokhala ndi chivindikiro. Ndipo popaka, mawindo akhale otsegula, moto uliwonse ukhale kutali.

Koti yomaliza itauma, ndinkafuna kulilowetsa tebulo m'nyumba tsiku lomwelo. Anandiuza kuti kuuma kogwirika ndi dzanja n'kosiyana ndi kukhwima. Vanishi wamafuta amatenga pafupifupi masiku 30 kuti alimbe mpaka m'kati, ndipo nthawi imeneyi isanakwane, chinthu cholemera, chotentha kapena nsalu ya pulasitiki zimatha kusiya chidindo chosatha. Anandiuzanso kuti ndizilipukuta ndi kansalu konyowa pang'ono basi, osati mapolishi opopera okhala ndi silicone, chifukwa silicone akalowa m'thabwa, tsiku lodzapakanso vanishi amathawa n'kusiya timaenje ngati maso a nsomba.

Tebulolo linakhala mwezi wathunthu m'chipinda chopanda munthu, zenera lili lotsegula pang'ono. Tsiku lolitulutsa mkulu uja anabwera. Sanayambe n'kuyang'ana pamwamba. Anapisa dzanja kunsi, analiyendetsa m'mphepete mpaka kuzungulira, kenako anadinda chikhadabo pamalo obisika n'kuona kuti sipanatsale chizindikiro. Atafika pakona ija anaima, n'kuyendetsa chala pa timabowo ta kampasi tija, timene tsopano tinkaoneka bwinobwino pansi pa vanishi, takuda pang'ono chifukwa stain analowamo.

"Bambo ako ankakhala mbali iyi," anatero, akukoka mpando.